Kuwatsekera kunja, kuwaitana, kapena kuwapimira nthawi: zipani zodana ndi obwera pa mitsutso ya pa kanema

Chisankho chikamayandikira ku Ulaya, nyumba zoulutsa mawu zimavutika ndi funso limodzi. Chipani chomwe chimakopa anthu ponena kuti mavuto a dziko abwera ndi alendo, Asilamu kapena anthu akuda, chipatsidwe mpando pa mtsutso wa pa wailesi ya kanema? Zipani zotere kumeneko amazitcha far right. Njira zomwe zayesedwa zilipo zitatu, ndipo chomwe chimasiyanitsa kugwira ndi kulephera kwake ndi kukula kwa chipanicho pa nthawiyo.

Yoyamba ndi mpanda, ndipo kwawo kwake ndi ku Belgium. Pa chisankho cha pa 24 November 1991 chipani cha Vlaams Blok chinapeza mavoti opitirira pang'ono 10 pa 100 aliwonse ku Flanders, chigawo cholankhula Chidatchi. Kumwera, ku Wallonia kwa olankhula Chifalansa, wailesi ya boma ya RTBF inadziikira lamulo loti wandale wa chipani chotere asamayankhule pompopompo. Ambiri amalimva molakwika lamuloli. Sikuti munthuyo satchulidwa. Mtolankhani amatha kumufunsa mafunso, kumujambula, kufufuza ngati zomwe wanena n'zoona, kenako n'kuulutsa mawu akewo pamodzi ndi zomwe wapeza. Choletsedwa ndi kumupatsa maikolofoni mwachindunji, ndiye kuti pa mtsutso sakhalapo. Pambuyo pake mfundoyi inalowa m'malamulo a chisankho a bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la CSA, choncho imamanga wailesi zonse za chigawocho.

Okonda mpanda amaloza zotsatira. Mu June 2024 Vlaams Belang, chipani cholowa m'malo mwa Vlaams Blok chomwe makhoti anachipeza ndi mlandu wa tsankho mu 2004, chinatenga mipando 31 mwa 124 m'nyumba ya malamulo ya Flanders, komwe atsogoleri ake amaitanidwa ku mitsutso. Ku Wallonia chipani cha Chez Nous chinalephera kufika pa mavoti 5 pa 100 aliwonse omwe amafunika kuti chipeze mpando. Komatu si mpanda wokha umene wachita izi. Ku Wallonia mabungwe a anthu apantchito ndi amphamvu, ndipo ambiri mwa ovota okwiya amapita ku PTB, chipani cholimbikira ufulu wa anthu apantchito. Mpandawo umagwira chifukwa wailesi zonse zikuusunga limodzi komanso chipanicho n'chaching'ono. Wailesi imodzi yokha ikangotsegula chitseko kuti ipeze owonera, zatha. Palinso vuto la amene amagamula kuti uyu ndi wakunja kwa mpanda. RTBF itachedwetsa ndi mphindi ziwiri mawu a Donald Trump pa tsiku lomulumbiritsa mu January 2025, andale ena a ku Belgium komweko anakwiya, ponena kuti atolankhani akudziika pamwamba pa owonera.

Njira yachiwiri ndi kutsegula chitseko, pokhulupirira kuti munthu wabodza amadziulula yekha akamafunsidwa poyera. Chitsanzo chomwe aliyense amatchula ndi cha BBC, pa 22 October 2009, pomwe Nick Griffin, mtsogoleri wa British National Party (BNP), anakhala pa pulogalamu ya Question Time. BBC inati ilibe pothawira chifukwa chipanicho chinali chitangopeza aphungu awiri ku nyumba ya malamulo ya Ulaya. Anthu pafupifupi 8 miliyoni anawonera. Griffin anachita chibwibwi atafunsidwa zomwe ankanena kale zokana kuphedwa kwa Ayuda ndi boma la Hitler, ndipo pa chisankho cha 2010 chipani chake sichinapeze phungu ngakhale mmodzi, komanso chinataya makhansala onse 12 omwe chinali nawo ku Barking and Dagenham, dera la mu London.

Nkhaniyi imakoma, koma ili ndi mbali ina. BNP inali ndi ngongole, atsogoleri ake ankakangana, inali kukhoti chifukwa cholola azungu okha kukhala mamembala, ndipo ku Barking otsutsana nayo anayenda khomo ndi khomo. Usiku umodzi pa kanema sunagwetse chipanicho wokha. Ku France chitseko chomwecho chinabala zina. Pa 13 February 1984 Jean-Marie Le Pen, yemwe chipani chake chinali chaching'ono kwambiri, anaitanidwa ku pulogalamu yotchuka ya ndale pa wailesi ya Antenne 2. Mu June chaka chomwecho chipani chakecho, Front National, chinapeza mavoti pafupifupi 11 pa 100 aliwonse pa chisankho cha ku Ulaya. Kwa chipani chosadziwika, kungokhala pampando umene amakhalapo nduna ndi phindu kale, ngakhale chiyankhe molakwika.

Ndipo kugonja pa mtsutso sikupha chipani chomwe chazika mizu. Marine Le Pen anasokoneza mfundo zake za chuma pamaso pa Emmanuel Macron pa 3 May 2017, anthu oposa 16 miliyoni akuwonera, n'kupeza mavoti 33.9 pa 100 aliwonse pa ndime yomaliza ya chisankho cha pulezidenti. Mu 2022 anafika pa 41.5. Bambo ake, Jean-Marie uja, omwe Pulezidenti Jacques Chirac anakana kutsutsana nawo mu 2002, anathera pa 17.8.

Njira yachitatu ndi kupima. Ku Germany malamulo amati zipani zipatsidwe mwayi molingana ndi kukula kwake, poyang'ana zotsatira za chisankho chapitacho, mipando yomwe zili nayo, ndi zomwe kafukufuku wa maganizo a ovota akuonetsa. Ku France bungwe la Arcom limawerenga mphindi zomwe aliyense walankhula, ndipo m'masabata awiri omaliza a kampeni ya upulezidenti onse opikisana amapatsidwa nthawi yofanana ndendende. Ubwino wake ndi woti chigamulo sichidalira kukonda kapena kudana kwa mkonzi. Kuipa kwake, wotchi imawerenga mphindi, siiwerenga bodza. Mu February 2024 khoti lalikulu la Conseil d'État linalamula Arcom kuti pa nkhani ya wailesi ya CNews iziyang'ananso othirira ndemanga ndi alendo onse, osati andale okha, popeza wailesi itha kusunga mphindi bwinobwino uku ikukankha maganizo amodzi tsiku lonse.

Germany yaonetsanso zomwe zimachitika mukamanga mpanda mochedwa. Mu 2016 Malu Dreyer, yemwe anali mtsogoleri wa chigawo cha Rheinland-Pfalz, anakana kukhala pa mtsutso umodzi ndi AfD, chipani chodana ndi obwera cha m'dzikolo. Wailesi ya SWR inayamba yachotsa AfD pa mtsutsowo, kenako inabweza ganizo itadzudzulidwa, ndipo chipanicho chinapeza nkhani yoti chikuponderezedwa. Chinalowa m'nyumba ya malamulo ya chigawocho ndi mavoti 12.6 pa 100 aliwonse. Pofika mu February 2025 Alice Weidel wa AfD anaima limodzi ndi atsogoleri a zipani zina zikuluzikulu, Olaf Scholz, Friedrich Merz ndi Robert Habeck, pa wailesi ya RTL, ndipo AfD inapeza 20.8. Chipani chomwe wovota mmodzi mwa asanu aliwonse wachisankha simungachibise, makamaka lero pomwe chili ndi TikTok ndi Facebook.

Ndiye kusankha kwake kuli motere. Chipani chikadali chopanda mipando, njira ya RTBF ndiyo yabwino: chijambulidwe, chifufuzidwe, chisapatsidwe mpando wa ulemu chifukwa choti chimakoka owonera. Chikakula, chiitanidwe potsata muyeso womwe walengezedwa miyezi ingapo chisankho chisanafike, kuti pasakhale wonena kuti malamulo asinthidwa chifukwa cha iye. Apa ntchito yonse imagwera pa kakonzedwe ka mtsutsowo, ndipo ndi pomwe wailesi zambiri zimalephera.

Bodza limatenga masekondi khumi kulinena, kulitsutsa kumafuna mphindi ziwiri, ndipo kadutswa komwe kadzayende pa mafoni ndi ka masekondi khumi kaja. Wotsogolera mtsutso akhale ndi ziwerengero za boma patebulo komanso gulu lofufuza lomulankhula m'khutu, kuti bodza liwongoledwe pomwepo, osati mawa pa intaneti. Funso losayankhidwa libwerezedwe kachiwiri ndi kachitatu. Theka la nthawi lisathere pa nkhani ya obwera, chifukwa kumeneko ndi kumunda kwawo kwa zipanizi. Woimira chipanicho afunsidwe za penshoni, zipatala, misonkho ndi komwe ndalama zidzachokere. Asamuunjirire onse, monga zinachitikira Griffin, yemwe mawa lake anadandaula kuti anachita kumutchera msampha. Maikolofoni izimitsidwe nthawi ikatha, ndipo kuchedwetsa chithunzi ndi masekondi angapo kumathandiza kudula mawu olimbikitsa chiwawa, omwe lamulo limaletsa kale.

Ngakhale zonsezi zitachitika, musayembekezere zozizwitsa. Pa 11 April 2024 Björn Höcke wa AfD anapanikizidwa ndi Mario Voigt wa chipani cha CDU pa Welt TV mpaka kunena kuti sakukumbukira zomwe analemba m'buku lake lomwe. Mu September chaka chomwecho AfD inakhala yoyamba m'chigawo chawocho cha Thüringen ndi mavoti 32.8 pa 100 aliwonse.