Chidendene chikamabaya m'mawa: nsapato, kuthowa, jakisoni kapena mafizo?

Ululu wake ndi wosasowa. Mukangotsika pabedi, chidendene chimabaya ngati mwaponda msomali. Mukayendayenda chimaleka, n'kudzayambiranso ponyamuka pampando kapena madzulo mutaima tsiku lonse. Achipatala amati plantar fasciitis. Kunsi kwa phazi kuli mtsempha wokhuthala wochokera pa fupa la chidendene kukafika kuzala, ndipo ukalemedwa nthawi yaitali umavulala pamene unalumikizana ndi fupalo. Vutoli limakonda a zaka 40 mpaka 60, onenepa, ndi amene amaswera chiimire pasimenti: aphunzitsi, anamwino, ogulitsa m'mashopu a pa Kasungu boma, onyamula mabelo ku Chinkhoma nyengo ya fodya.

Ambiri timathamangira ku nsapato, ndipo sitilakwitsa. Patapata ndiye woyamba kumuchotsa: soli yake ndi yopyapyala, komanso zala zimakhalira kukanikiza kuti asavuke. Magambuti m'kati mwake ndi mouma ndiponso mwafulati. M'dzinja kumunda simungawapewe, choncho ikanimo chopondera. Zapulasitiki zofewa za mtundu wa Crocs n'zabwino zoyendera m'nyumba kusiyana ndi kuponda simenti ndi phazi lokha, koma paulendo wa kumsika zimagwedera.

Zimene zimapambana ndi nsapato zothamangira, ndipo za pakaunjika zimakwanira mukadziwa kusankha. Ipindeni: ipindikire pa zala, osati pakati. Ipotoleni ndi manja awiri, ikane. Tsinani kumbuyo kumene kumagwira chidendene, kukhale kolimba. Kenako itembenuzeni muone soli, chifukwa yodyeka mbali imodzi idzakuyendetsani mmene ankayendera mwini wake woyamba. Wogulitsa adzakuuzani kuti “iyi ndi orijino, bwana”, koma dzina la kampani silichiza phazi. Kumbuyo kukwereko pang'ono poyerekeza ndi kuzala.

Nanga zopondera zoika m'nsapato? Zilipo zogula kale ndi zoumbitsa potengera phazi lanu, zomwe ndi zodula kwambiri. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 2006 anayerekeza mitundu iwiriyi ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni. Zonse zinathandizako pang'ono miyezi itatu yoyamba, koma pofika chaka phindu lake silinkaonekanso. Ine ndingati gulani zotchipazo.

Kuthowa ndi madzi otentha, kupaka mafuta oyaka ngati Deep Heat, kugubuduza botolo la madzi oundana kunsi kwa phazi mphindi 10: zonsezi zimaziziritsa ululu wa tsikulo basi. Botololo ndimalikonda chifukwa silidya ndalama, bola filiji ikhale ikuyaka. Mphini zokha ayi. Vuto lili m'kati, pakhungu palibe chotulutsa, ndipo kwa wodwala shuga kabala kakang'ono ka paphazi kamatha kusanduka chilonda chosapola. Bulufeni ndi diclofenac ndi za masiku ochepa, osati miyezi, chifukwa zimayambitsa zilonda za m'mimba, zimavutitsa impso ndiponso zimakweza BP. Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ndiye amachotsa ululu msanga kuposa zonse, koma mphamvu yake imatha pakapita pafupifupi mwezi. Kubayitsa mobwerezabwereza kungadule mtsempha uja kapena kuphwetsa mafuta amene amateteza chidendene.

Njira ya mafizo, yomwe ndi kukoka ndi kulimbitsa phazi, imene anthu amaipeputsa chifukwa ndi yaulere, ndiyo ili ndi umboni wabwino. Musanaponde pansi m'mawa, khalani m'mphepete mwa bedi, sanjikani phazi lodwalalo pa bondo linalo, gwirani zala n'kuzikokera m'mwamba mpaka mumve mtsempha utakungika. Werengani mpaka 10, bwerezani ka 10, katatu pa tsiku. Chifukwa chake n'chakuti usiku phazi limagona litaloza pansi, mtsempha n'kufupika, ndiye kuponda koyamba kuja kumaukoka modzidzimutsa. Kokaninso katumba mutatsamira khoma, mwendo wodwalawo uli kumbuyo, chidendene chisanyamuke.

Ofufuza a ku Denmark anayesanso njira yolimbitsa: kuima ndi mwendo umodzi m'mphepete mwa sitepe, thaulo lopindapinda lili pansi pa zala, n'kukwera ndi zala masekondi atatu, kuima awiri, kutsika atatu, kulumpha tsiku limodzi pakati. Zikayamba kupepuka mumabereka chikwama cha mabuku. Pa miyezi itatu anthu amenewa anali bwino kuposa amene ankangokoka, ngakhale pofika chaka magulu onse anafanana. Sitepe ya pakhonde imakwana, ndipo poyamba gwiritsani miyendo yonse iwiri.

Ndikayika pa sikelo, nsapato yabwino imaletsa kuonjezera bala, mafizo ndiwo amakonza, zinazo ndi zopumulirako. Sizichira sabata imodzi: ambiri amapeza bwino m'miyezi ingapo, ena mpaka chaka. X-ray ikaonetsa kafupa kosongoka pa chidendene musachite mantha, alipo ambiri ali nako osamva kalikonse. Koma ngati phazi likuchita dzanzi, latupa n'kutentha, likukudzutsani usiku, kapena ululu unayamba mutagwa, limenelo lingakhale vuto lina. Pitani ku chipatala cha boma cha Kasungu mukafunse a za mafupa.