Kukaona Medway Queen ku Gillingham: zimene mukapeze ndi zimene simukapeze

Choyamba muyenera kudziwa kuti Medway Queen, sitima yakale ya pamadzi, siyenda. Yamangiriridwa pa doko la Gillingham Pier ku Kent, m'dziko la England, ndipo amaiyang'anira ndi anthu ongodzipereka a Medway Queen Preservation Society. Satsegula tsiku lililonse, choncho funsani masiku musanakwere sitima ya pamtunda kuchokera ku London.

Medway Queen inapangidwa mu 1924 ku Troon, m'dziko la Scotland. Ndi yaitali pafupifupi mamita 55, ndipo injini yake ya nthunzi imazunguza mawilo awiri opalasa madzi, lina kumanzere lina kumanja. Ntchito yake inali kunyamula anthu opita kokasangalala ku Southend ndi ku Herne Bay. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba mu 1939, asilikali a pamadzi a Britain anaitenga, n'kuikonza kumbuyo kuti izisesa mabomba otcheredwa m'nyanja.

Apa ndi pamene ulendowu umapindulitsa. Mukaima pa sitimayi mumamvetsa chifukwa chake boma linkafuna sitima zotere. Thupi lake silimira kwambiri, motero limatha kudutsa pamwamba pa bomba lomangidwa ndi chingwe pansi pa nyanja. Kumbuyo inkakoka waya wautali wokhala ndi zodulira. Wayayo akakola chingwe cha bomba n'kuchidula, bombalo limayandama ndipo amaliwombera ndi mfuti. Kusamira komweko n'kumene kunaithandiza kuyandikira gombe ku Dunkirk, m'dziko la France, mu 1940, komwe inayenda maulendo 7 n'kupulumutsa asilikali pafupifupi 7,000, kuphatikizapo amene anali pa sitima inzake ya Brighton Belle, yomwe inamira itagunda sitima ina yomira kale.

Koma okonda zinthu zakale zenizeni akhoza kukhumudwa. Itasiya ntchito mu 1963 inakakhala malo ovinira ku Isle of Wight, kenako inakhala zaka zambiri m'matope, madzi akulowa ndi kutuluka. Chitsulo chokhala m'madzi amchere popanda penti dzimbiri limachidya mpaka kubooka. Thupi lakale analiphwasula, n'kupanga lina ku Bristol ndi thandizo la ndalama lochokera ku bungwe la Heritage Lottery Fund, ndipo sitimayi inabwerera ku mtsinje wa Medway mu 2013. Chosiririka n'chakuti sanaotcherere zitsulozo ngati mmene amachitira masiku ano. Anazilumikiza ndi misomali yotenthetsa moto n'kuikhoma, monga ankapangira mu 1924. Yang'anitsitsani mizere ya mitu ya misomaliyo m'mbali mwa sitima, ndi ntchito yosowa.

M'kati ntchito ikupitirirabe, ndiye musayembekezere malo osalala ngati nyumba zazikulu zosungiramo zinthu zakale. Masitepe a sitima ndi otsetsereka komanso opanikiza. Valani nsapato zosaterera, ndipo amene amavutika kuyenda afunsiretu za polowera. Ola limodzi kapena awiri n'lokwanira. Muzifunsa mafunso, chifukwa zambiri za injini ndi za Dunkirk mukazimva kwa anthu oyang'anirawo kuposa pa zikwangwani.