Ndani ayenera kulamula magetsi a nyukiliya: kuyerekeza France ndi Japan

Ku France, nkhani ya magetsi a nyukiliya imagamulidwa ku Paris. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, boma linalengeza mu 1974 pulani yomanga ng'anjo zambiri za nyukiliya zopangira magetsi, ndipo kampani ya boma ya magetsi ya EDF inazimanga mofanana, mtundu umodzi m'malo ambiri. Zimenezi zinafulumizitsa ntchito, moti lero pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsi a dzikolo amachokera ku nyukiliya. Makhonsolo amafunsidwa maganizo, koma alibe mphamvu yoletsa. Anthu a ku Plogoff, m'chigawo cha Brittany, anakana mwamphamvu mu 1980 kuti ng'anjo zimangidwe kwawoko, komabe ntchitoyo inaima pokhapokha François Mitterrand atalowa upulezidenti mu 1981.

Kuipa kwa njira imeneyi kunaoneka mu 2022, ming'alu itapezeka m'mapaipi a ng'anjo zina. Popeza zinamangidwa mofanana, zambiri zinayenera kuzimitsidwa kuti ziunikidwe, ndipo dziko lozolowera kugulitsa magetsi kwa anansi ake linagula ochuluka kuposa amene linagulitsa.

Ku Japan zinthu nzosiyana, ndipo m'pamene pali phunziro lalikulu. Ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima itachitika mu Malichi 2011, ng'anjo zonse zinazimitsidwa imodzi ndi imodzi. Kuti iliyonse iyatsidwenso, iyenera kupambana mayeso a bungwe la boma loona za chitetezo cha nyukiliya, kenako bwanamkubwa wa chigawo avomereze. Chilolezo chachiwirichi sichinalembedwe m'lamulo la dziko. Chimachokera m'mapangano a makampani ndi zigawo, koma palibe kampani imene imayerekeza kuchilambalala.

Taonani Kashiwazaki-Kariwa, m'chigawo cha Niigata, malo a ng'anjo zisanu ndi ziwiri zotha kupanga mamegawati oposa 8,000. Mwini wake ndi TEPCO, kampani yomweyo ya ku Fukushima, ndipo magetsi ake amapita ku Tokyo, pomwe anthu a ku Niigata amagula awo ku kampani ina, Tohoku Electric. Choncho amene angathawe m'nyumba zawo kutachitika ngozi, m'dera limene chipale chofewa chimatseka misewu ndiponso limene chivomezi chinagwedeza mu 2007, si amene amapindula ndi magetsiwo. Ng'anjo ziwiri zinapambana mayeso mu 2017, koma bwanamkubwa Hideyo Hanazumi anavomereza mu Novembala 2025. Si chilungamo kuika kuchedwa konseku pa iye yekha, chifukwa kuyambira 2021 mpaka 2023 bungwe la boma lomwelo linaletsa TEPCO kuyendetsa malowo litapeza kuti alonda ndi zida zotchingira anthu osaloledwa sizinali bwino. Komabe m'zaka zonsezo Japan inkalipira ndalama zambiri kugula gasi ndi malasha kunja.

Ine ndikuona kuti mayeso a chitetezo ndi kuyendetsa mawaya a dziko lonse ziyenera kukhala m'manja mwa boma lalikulu, chifukwa khonsolo ilibe akatswiri okwanira ndipo magetsi amadutsa malire a zigawo. Koma pa funso loti ng'anjo iyake pafupi ndi midzi ya anthu, Japan ndiyo ili pafupi ndi chilungamo, ngakhale kuti ikanachita bwino kulemba mphamvu ya chigawoyo m'lamulo ndi kuika nthawi imene bwanamkubwa ayenera kuyankha.