Mawaya kapena ma aligner, zabwino ndi ziti powongola mano?

Anthu ambiri akamva zowongola mano amangoganiza za mawaya aja, ma braces, koma masiku ano kulinso ma aligner, timapulasitiki toonekera mkati tomwe umavala pa mano ngati a Invisalign aku America aja. Zonsezi zimakankha dzino pang'onopang'ono, fupa la nsagwada limasungunuka mbali imodzi kwinaku likumera mbali inayo, nchifukwa chake zimatenga nthawi, kawirikawiri chaka ndi theka kapena zaka 2.

Mawaya amamatidwa pa mano ndiye sungachotse wekha, dokotala amakhala akumangitsa pakatha masabata 4 mpaka 8 ndipo masiku oyamba mkamwa mumawawa ndithu. Vuto lalikulu ndi pakudya, chimanga chootcha, nzimbe, mtedza wokazinga uyambe waiwala kaye, komanso nyama ndi masamba zimakodwa mmawayamo ndiye ukachita ulesi kutsuka mano amawola. Koma mano akakhala opanikizana kwambiri kapena osalumana bwino, mawaya ndi amene amaitha ntchito.

Ma aligner umachotsa pakudya ndi potsuka, anthu sazindikira nkomwe kuti wavala. Koma amafunika akhale mkamwa maola 20 mpaka 22 pa tsiku nkumasintha pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndiye mwana woiwalaiwala angomaliza ndalama za makolo pachabe, chikhalirecho kawirikawiri ndi odula.

Ineyo mwana wa sukulu ndingamusankhire mawaya basi. Onse awiriwa ukamaliza pamafunika kuvala retainer, kapulasitiki kapena kawaya kogwira mano kuti asasunthe, makamaka usiku, apo ayi mano amayamba kubwerera mwakale.