Anakana kundigulitsa ibuprofen, poyamba ndinakwiya

Nyenyezi 4 pa 5. Ndakhala ndikugula mankhwala a mayi anga pa famase imeneyi miyezi 8 tsopano, mayi ali ndi shuga komanso BP ndiye mwezi uliwonse ndimakatenga insulin ndi metformin a shuga, komanso enalapril wa BP.

Tsiku lina bondo linawavuta mayi usiku wonse osagona, ine m'mawa liwiro kukagula ibuprofen poti ndi amene ndimamwa ine mutu ukandivuta. Achemwali a pa kauntala aja mmalo mongondipatsa anayamba mafunso, akumwa ndani, ali ndi zaka zingati, akumwanso mankhwala anji. Nditangotchula enalapril anabweza kabokosi kaja pa shelefu nkuti achimwene awa ayi, munthu wamkulu wa shuga amene ali pa enalapril mukamupatsa ibuprofen impso zimatha kuwonongeka ndipo BP imakwera. Anandipatsa paracetamol, nkundiuza kuti asapitirire magalamu 4 pa tsiku komanso asamaphatikize ndi mankhwala a chimfine chifukwa ambiri muli kale paracetamol yemweyo, chiwindi chimavulala. Ndinatuluka mtima uli kuwawa kuti ndalama ndi zanga koma akundisankhira chogula, koma titapita ku kiliniki adokotala ananena zomwezo ndendende. Mayi ali ndi impso ziwiri zokha basi, ine ndikanaziononga ndi manja angawa ndikuganiza kuti ndikuwathandiza.

Nkhani ya insulin ndi imene inandikhazika mtima pansi. Firiji yawo ndi ya mankhwala okhaokha, mulibe botolo la madzi kapena chakudya cha antchito, ili ndi themomita ndipo pachitseko anamata pepala lomwe amalembapo kazizidwe kake m'mawa ndi madzulo, ndinaliona ndi maso anga manambala a bolopeni ali ndondondo. Insulin yosatsegula imafuna madigiri 2 mpaka 8, ikaundana yatha ntchito, ikatenthedwanso mphamvu imachepa ndipo wodwala amangodabwa shuga osatsika koma jakisoni akubaya daily. Ndinawafunsa kuti nanga magetsi akazima, anandionetsa jenereta ndi kabokosi koziziritsa. Anatiphunzitsanso kulemba deti pa kabotolo tsiku lotsegula chifukwa ya mayiyi ikatsegulidwa imangokhala masabata 4.

Akamadula mapiritsi samangoponya mu kapulasitiki kopanda dzina ngati mmene ena amachitira, amalemba dzina la mankhwala, mphamvu yake, kamwedwe ndi tsiku lotha ntchito. Ine zimenezi ndimazitenga serious kuyambira 2022 pomwe ana oposa 60 anamwalira ku Gambia atamwa mankhwala a madzi a chifuwa omwe munali poizoni wa diethylene glycol, ndili ndi mwana wa zaka 3 ndiye botolo lililonse ndimalitembenuza kuona batch number (nambala ya gulu lomwe mankhwalawo anapangidwira limodzi) ndi dzina la kampani. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ananenapo mu 2017 kuti m'mayiko osalemera mankhwala amodzi mwa 10 aliwonse amakhala achinyengo kapena osakwana mphamvu. Satifiketi yawo ili pakhoma poonekera, ndipo ndinaonapo bambo ena akuwabweza atafuna makapisozi anayi okha a amoxicillin opanda pepala la adokotala, analalata koma sanawapatse.

Nyenyezi yachisanu ndawamana pa zifukwa ziwiri. Palibe malo oyankhulira mwachinsinsi, mayi wina ankafotokoza vuto lake la kumaliseche monong'ona anthu tili pa mzere kumbuyo kwake tikumva zonse, ndinamumvera chisoni kwambiri, ngakhale kakatani kokha kakanathandiza. Chachiwiri ndi chachikulu, mwezi watha ndinafika masana a famasisti atatuluka, mnyamata amene amawathandizira anandipatsa metformin wa 850 mmalo mwa 500, ndinazindikira ndili kunyumba poona kuti bokosi lasiyana ndi la masiku onse. Nditabwerera anapepesa, anasintha pompo nkulemba m'buku lawo la zolakwika, sanakane kapena kundiloza chala ine. Komabe akanakhala mayi okha, maso awo aja, akanamwa.

Ndipitiliza kugula pomwepa, koma masana sindipitanso, ndipo bokosi ndimalitsegulira pa kauntala pomwepo ndikufananiza ndi pepala la adokotala ndisanatuluke.