Snowboard yaifupi kapena yaitali: zimene ndinaona ku Lesotho

Ife a kuno ku Mulanje chisanu timachidziwa. Amene anagonapo ku Lichenya mu June anaona udzu utayera mbuu m'mamawa. Koma chipale chofewa choti munthu n'kutsetserekapo kulibe, ngakhale pa Sapitwa pamene pali mamita 3,002. Wofuna kukwera snowboard, thabwa loimapo ndi mapazi onse awiri potsetsereka pa chipale, amapita ku Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, pakati pa June ndi August. Ine ndinapitako nyengo zitatu ndikugwira ntchito ku Joni, ndipo tsopano anzanga awiri a kwathu ku Chitakale amene akadali ku Joniko andifunsa kuti agule thabwa liti mwa ogwiritsidwapo kale ntchito amene awapeza.

Matabwa amene ndinakwerapo mokwanira ndi awiri. Lina linali la masentimita 154, sidecut yake mamita 7.4. Linalo la masentimita 162, sidecut mamita 9. Ambiri amangoyang'ana nambala yoyambayo, chonsecho yachiwiri ndi imene imalamula mmene thabwa likhotere.

Ligonekeni pansi thabwa mulione. Kutsogolo ndi kumbuyo n'kotakata, pakati n'powonda ngati chiuno cha mavu. Kupindika kwa m'mphepetiko ndi kachigawo ka bwalo lalikulu. Ganizirani mbuzi yomangidwa pachikhomo: chingwe chikakhala cha mamita 7 imazungulira pafupi, chikakhala cha mamita 9 imakazungulira patali. Kutalika kwa chingwecho ndiye nambala ya sidecut imene amalemba. Ndipo carving ndi kupendeka thabwa kuti chitsulo cha m'mphepete chidule chipale n'kutsata bwalo limenelo chokha, popanda kukhwekhwereza mchira. Ukatha bwino, ukacheuka umaona kamzere kamodzi koonda ngati podutsa mpeni. Tsiku limene ndinaona kanga koyamba ndinakhala pansi n'kumangokayang'ana, manja atauma ndi chisanu.

La 154 lija n'lomvera. Ukangopondereza zala kapena zidendene, lakhota kale. Ukapendeka kwambiri thabwa limapindika ndipo bwalo limachepa; pa madigiri 60 limatsala pafupifupi theka la nambala yolembedwa ija. Vuto lake limaoneka m'mamawa. Chipale chambiri ku Afriski n'chopanga ndi makina, ndipo usiku chimauma gwaa. Pamenepo chitsulo chogwira pansi chimachepa pa thabwa lalifupi, ndiye liwiro likakwera limayamba kunjenjemera pansi pa mapazi, kenako n'kupulumuka. Komanso limafuna kukhota mwachangu kuposa mmene liwirolo likulolera, ndipo thupi lako limatsala.

La 162 m'mawa womwewo linali ngati lamera mizu. Phee, osanjenjemera, kukhota kwake kotakasuka, ndipo mtima unkakhala m'malo ngakhale mphepo ikulira m'makutu. Ndinalikonda, ndisaname. Koma limafuna zinthu ziwiri zimene Afriski sapereka nthawi zonse: liwiro ndi malo. Mtsetse waukulu kumeneko ndi wa pafupifupi kilomita imodzi basi, ndipo pa tchuthi cha sukulu umadzaza ndi ophunzira amene amakhala pansi paliponse. Thabwali likamati layamba kudzuka, wafika kale m'munsi. Aliyense amene anatsatirapo lole yonyamula tiyi m'makona a ku Thyolo akudziwa mmene imadyera msewu wonse pokhota, pamene wa kabaza amangoti petu n'kudutsa.

Palinso nkhani ya thupi, ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinatsatira malangizo akale oti thabwa likaimirira lifike pakati pa chibwano ndi mphuno. Koma thabwa silidziwa msinkhu wako, limangomva kulemera. Ine ndi wamtali koma ndimalemera makilogalamu 64 okha, moti la 162 lija linkakana kupindika pokhapokha nditathamanga kwambiri. Masana chipale chikafewa ngati phala, miyendo inkachita kuwotcha polikakamiza kukhota. Opanga matabwa amalemba kulemera koyenera thabwa lililonse. Funsani zimenezo musanapereke ndalama.

Yesaninso jombo zanu pathabwapo. Zala zikatuluka kwambiri kunja, ukapendeka zimakumba chipale ndipo chitsulo chimanyamuka. A mapazi aakulu afune thabwa lotakata, la chiuno cha masentimita 26 kapena kuposa. Pa carving sankhaninso la camber, limene mukaligoneka pasimenti pakati pake pamatukuka, chifukwa limakanikiza chitsulo chonse pansi.

Ndiye kwa anzanga awiri aja: inu achimwene amene thupi lanu ndi longa langa, ndipo mwangoyamba chaka chatha, tengani lalifupi la sidecut ya mamita 7 kapena 8. Pa mtsetse waufupi uja mudzakhota kambiri ulendo umodzi, ndipo kukhota kambiri ndi kumene kumaphunzitsa miyendo. Inu akulu amene mwapitirira makilogalamu 80, la 162 likuyenerani, bola muzidzuka m'mamawa n'kukhala oyamba pamzere anthu asanadzaze. Musanagule, yendetsani chala m'mphepete monse mumve ngati chitsulo chili ndi dzimbiri kapena chinang'ambika penapake, makamaka pansi pa zidendene.