Bawo kapena magemu a pa kompyuta mu laibulale ya yunivesite?

Tiyerekeze kuti laibulale ya ku Bunda kapena ya KUHeS (yunivesite ya zaumoyo) kuno ku Lilongwe yapatula kachipinda ka masewera. Muikemo chiyani?

Bawo ngotchipa. Bolodi la maenje 32 ndi njere 64, ndipo mmisiri wa matabwa ku Mchesi akhoza kulisema sabata isanathe. Magetsi akazima masewera amapitirira. Wosewera amawerengeratu m'mutu komwe njere yomaliza ikagwere asanatole n'komwe, ndipo ophunzira masamu amafunika luso lomwelo. Chesi ndi drafuti nazo n'chimodzimodzi. Koma bawo ndi waphokoso: oonerera sakhala chete, aliyense amafuna kulangiza, njere nazo zili gobedegobede pathabwa. Wina amene akulemba mayeso mawa sangakondwe, choncho chitseko cha kachipindako chikhale chotseka.

Magemu a pa kompyuta amadya ndalama. PlayStation (makina osewerera magemu) ndi zogwirira zake zimachokera kunja, ndipo ndalama zakunja zikuvuta. Onjezanipo magetsi, intaneti ndi wokonza zikaonongeka. Komabe sindingawanyoze. Ophunzira ambiri ochokera kumudzi amafika pa yunivesite asanazolowere kompyuta, ndipo gemu imachotsa mantha msanga. Ophunzira zamakompyuta nawo sangapange gemu yawoyawo asanaseweretse ya anzawo. Phokoso? Mahedifoni amathana nalo.

Ine ndingayambe ndi mabolodi angapo a bawo ndi chesi, obwereketsa ndi chitupa cha wophunzira monga mabuku. Magemu aikidwe pa makompyuta awiri mwa omwe alipo kale, aziseweredwa madzulo makalasi akatha.